Kodi filimu ya Danton ya 1921 inaononga sewero la Büchner?

"Ndine mphunzitsi wa sekondale ndipo ndimayang'anira kalabu ya zisudzo. Ndili ku koleji ndinawerenga sewero la Georg Büchner lonena za imfa ya Danton, lomasuliridwa m'Chingerezi, ndipo mpaka lero silinandichoke m'mutu. Posachedwa ndinapeza pa intaneti filimu yakale ya ku Germany, yopanda mawu, yotchedwa Danton, ya mu 1921, yomwe amati inachokera pa sewero lomweli. Ndinkafuna kuti ana aonere, koma nditayamba ndaonera ndekha ndinakhumudwa. Anthu akuyenda ngati akuthamangitsidwa, akutong'ola maso, ndipo nkhani yadzaza zibwenzi zomwe m'sewero mulibe. Mawu okoma aja onse palibe. Kodi ndinapeza kope lolakwika? Kapena Ajeremaniwo sankamulemekeza mlembi wawo? Ndiwaonetse ana kapena ndingoisiya?" Mphunzitsi, Dedza

Aphunzitsi, mtima m'malo. Filimu mwapezayo ndi yomweyo, ndipo maso anu sanakunamizeni. Anaitsogolera ndi Dimitri Buchowetzki, wa ku Russia, amene anasamukira ku Berlin ufumu wa kwawo utagwa, ndipo inayamba kuonetsedwa mu Meyi 1921. Emil Jannings ndiye Danton, Werner Krauss ndiye Robespierre, atsogoleri awiri a kuukira komwe kunagwetsa ufumu wa France. Kukhumudwa kwanu si kwachilendo ayi. Pafupifupi aliyense amene amafika pa filimuyi atayamba wakonda Büchner amadzuka pampando akupukusa mutu. Komabe ine ndikuti muwaonetse ana. Kungoti musawauze kuti akukaonera sewero la Büchner, ndipo musaitenge ngati phunziro la mbiri ya France. Zomwe zakudandaulitsanizo sizinachokere kumodzi. Zina ndi vuto la kope, zina n'chifukwa choti kamera ya nthawiyo sinkajambula mawu, zina n'zamalonda basi.

Gwero la nkhani lili m'sewero momwemo. Büchner analilemba kumayambiriro kwa 1835, m'milungu pafupifupi isanu yokha, ali ndi zaka 21, kunyumba kwa makolo ake ku Darmstadt, uku akuyembekeza kuti apolisi agogoda tsiku lililonse chifukwa cha kapepala kodzudzula boma komwe analemba nawo chaka chapitacho. Mu Malichi anathawira ku Strasbourg. Anamwalira ku Zürich mu 1837 ali ndi zaka 23, ndipo sewerolo linakhala m'buku osaseweredwa mpaka 1902, pomwe gulu lina la zisudzo ku Berlin linaliika pa siteji koyamba. Kwa zaka zonsezo anthu ankati ndi lowerenga, si losewera. Nkhani yake ndi ya masiku ochepa chabe, kuyambira pa 24 Malichi 1794, tsiku lomwe Hébert, mtsogoleri wina wa ogwetsa ufumuwo, ndi anzake anadulidwa mitu, kufika pa 5 Epulo, pomwe Danton, mnzake Camille Desmoulins ndi anzawo nawonso anakwera pa chimpeni chodulira mitu chija cha guillotine.

Tsono takumbukirani zomwe Danton wa Büchner amachita m'masiku amenewo. Kunena zoona, sachita kanthu. Anzake amabwera kudzamuchenjeza kuti Robespierre wamunolera mpeni, iye amangoti sangayerekeze. Amadandaula kuti kuvala malaya kenako buluku m'mawa uliwonse n'kotopetsa. Amayesako kuthawa, afika panja pa mzinda, n'kutembenuka kubwerera. Usiku amaima pawindo akumva ngati makoma akufuula za Sepitembala, mwezi womwe mu 1792 akaidi oposa 1,000 anaphedwa m'ndende za Paris iye ali nduna ya zachilungamo. Tsoka la munthu ameneyu lili m'mutu mwake, ndipo ife timalidziwa chifukwa choti amalilankhula. Ngakhale mbali za ndale nazo zili m'kamwa: Büchner anatenga zolankhula zenizeni za Robespierre ndi anzake m'mabuku a mbiri, monga a Thiers ndi Mignet, n'kuziika m'sewero pafupifupi mmene zinalili.

Pophunzitsa ndimakonda kupereka ntchito iyi, ndipo mudzaiyese ndi kalabu yanu. Ndimatenga wophunzira mmodzi, ndimamunong'oneza kuti asewere Danton wotopa uja osatsegula pakamwa, anzake aziganiza chomwe chikumuvuta. Mnyamata amakhala pampando, dzanja patsaya, n'kuusa moyo, kenako amayang'ana kudenga, n'kugwetsa mapewa. Anzake amayamba: malungo, matsire, maliro, ngongole, mkazi wamuthawa. Palibe amene amanena kuti uyu ndi munthu amene wasiya kukhulupirira kuti zochita za munthu zingasinthe kanthu m'dziko. Thupi limatha kuonetsa kutopa, koma chifukwa cha kutopako sichioneka pathupi. Buchowetzki anali pa vuto lomweli. Njira yokha yoikira mawu inali makadi olembedwa aja amene amadula chithunzi, ndipo khadi lililonse limaimitsa filimu kuti anthu awerenge. Mukanaika zolankhula za Büchner zonse, anthu akanalipira tikiti kuti akawerenge buku pakhoma. Akatswiri a mafilimu ku Germany pa nthawiyo ankalowera kwina, kochepetsa makadiwo, moti pofika 1924 F. W. Murnau anatulutsa Der letzte Mann, ya Jannings yemweyu, yomwe pafupifupi ilibiretu makadi.

Ndiye anachita chomwe kamera ikanatha. Anatenga mbali ya Danton yomwe thupi lingaonetse: wokonda kudya, kumwa, akazi ndi kuseka. Mukaoneranso, muyang'anitsitse anthu awiriwa akakhala pamodzi. Jannings amadzaza chithunzi chonse, chifuwa patsogolo, kolala yotsegula, akaseka mutu umapita kumbuyo, dzanja limagwera paphewa la mnzake mosapempha. Krauss ali chiriri, wouma gwa, khosi lomangidwa mpaka kuchibwano, milomo yotsekedwa ndwii, manja osachoka pafupi ndi thupi, ndipo akatembenuka amatembenuka yense ngati khosi silipinda. Mkangano womwe Büchner anaulemba m'masamba angapo, woti kodi munthu wodzisunga ali ndi ufulu wopha ena chifukwa choti sadzisunga ngati iye, apa wasanduka matupi awiri osiyana. Mwana wa fomu 1 atha kuumva osawerenga khadi lililonse. Uku si kulephera ayi, ndi luso. Koma pali chomwe chinatayika, ndipo sindikubisirani: Danton wa Jannings ali ndi moyo wochuluka kwambiri moti simungakhulupirire kuti amafuna kufa. Wa Büchner amagwa chifukwa wagwa ulesi ndi moyo. Wa filimu amagwa chifukwa chodzidalira ndi kusasamala. Ndi anthu awiri osiyana ovala dzina limodzi.

China chomwe anthu owerenga buku okha samachidziwa n'chakuti filimuyi sinabadwire m'buku, inabadwira pa siteji ya Max Reinhardt, wotsogolera zisudzo wotchuka wa ku Berlin. Mu Disembala 1916, nkhondo ili mkati, Reinhardt anaika sewero la Büchner ku Deutsches Theater ku Berlin, ndipo kuyambira pamenepo mpomwe linatchuka. Ankagwiritsa ntchito mdima ndi kuwala, nyali ikugwera pa kagulu kamodzi, kwina konse kuli bii, mawu a khamu akuchokera mumdimamo. Kenako mu 1920 anaika sewero lina la Danton, lolembedwa ndi Mfalansa Romain Rolland, m'chinyumba chachikulu cha Großes Schauspielhaus, chomwe kale chinali cha masewera a sakasi ndipo chinkalowa anthu pafupifupi 3,000. Kumeneko anabalalitsa osewera pakati pa oonerera, kuti pa nthawi ya mlandu munthu wokhala pafupi nawe angodzuka n'kuyamba kukuwa. Danton anali Paul Wegener, ndipo Robespierre anali Werner Krauss yemweyu. Jannings, Krauss, Wegener, Conrad Veidt, Ernst Lubitsch ndi Murnau onse anadutsa m'manja mwa Reinhardt. Choncho munthu wa ku Berlin amene ankapita kukaonera Danton mu 1921 sankayembekeza ndakatulo. Ankayembekeza khamu.

Ndipo khamulo alipatsidwa. Mbali ya mlandu ndiyo mtima wa filimuyi, ndipo ngati nthawi ingakuchepereni, onetsani yokhayo. Hans Dreier, amene pambuyo pake anakakhala mkulu wokonza malo ojambulira ku kampani ya mafilimu ya Paramount ku America, anamanga bwalo lalitali lokhala ndi makonde odzaza anthu mpaka m'mwamba. Danton ali pansi, wamng'ono poyerekeza ndi chinyumbacho, koma akatukula dzanja khamu lonse limagwedezeka. Simukumva liwu lake, koma mukuona chomwe liwulo likuchita pa nkhope ndi mikono ya anthu mazanamazana. Umu ndi mmene filimu yopanda mawu imajambulira munthu wodziwa kulankhula: imajambula omvera. Kenako mbali ya Robespierre imabweretsa uthenga woti kunja kukugawidwa chakudya, ndipo bwalo lija limangoti mbwee, anthu kukanganirana pakhomo, Danton n'kutsala ndi oweruza ake.

Kachenjerero ka chakudyaka sikali mwa Büchner. Kali m'sewero la Rolland lija. Mu mbiri yeniyeni, chomwe chinatseka Danton pakamwa ndi lamulo lomwe Saint-Just, mnzake wa Robespierre, anakapempha ku nyumba ya malamulo mlandu uli mkati, lolola kuti woimbidwa mlandu aliyense wonyoza bwalo atulutsidwe, mlandu n'kupitirira iye palibe. Büchner anasunga lamulolo, n'kuwonjezera mbali ya kunja kwa bwalo pomwe munthu mmodzi amatembenuza khamu pofunsa kuti Danton anazitenga kuti zovala zokongola, nyumba yabwino ndi mbale zasiliva, pomwe Robespierre alibe kalikonse. Mwaona kusiyana kwake? Anthu osauka a Büchner amasintha maganizo chifukwa cha mfundo, yopotoka inde, koma mfundo ndithu. Ali ndi njala ndipo amadziwa amene akudya. A mufilimu amangothamangira kumene kuli fungo la buledi. Kwa ine apa mpomwe filimu inamulakwira Büchner kwambiri, kuposa zibwenzi zomwe zakukwiyitsanizo, chifukwa mnyamata amene anaika moyo wake pachiswe polembera alimi osauka a kwawo ku Hesse sakanawajambula ngati gulu lopanda mutu.

Komanso tisaiwale amene ankaonera. Anthu a ku Berlin anali atadutsa m'nyengo yozizira ya 1916 ndi 1917 yomwe ambiri anapulumukira matanipi, chakudya cha ziweto, ndipo njira za panyanja zobweretsera chakudya zinatsekedwabe mpaka pakati pa 1919. Mu Novembala 1918 mfumu yawo inagwa. Mu Januwale 1919 Karl Liebknecht ndi Rosa Luxemburg, atsogoleri a chipani cha chikomyunizimu, anaphedwa ndi asilikali pa nthawi yomwe boma linali m'manja mwa anthu amene kale anali nawo m'chipani chimodzi. Mu Malichi 1920 kunali kuyesa kulanda boma kotsogoleredwa ndi Wolfgang Kapp. Nkhani ya atsogoleri ogwetsa ufumu amene akuyamba kudyana okhaokha, ndi khamu lanjala lomwe lero likukuimbira m'manja mawa lakutaya, sinali ya ku Paris kwa iwo. N'kutheka kuti ambiri mwa anthu odzaza makonde aja anali ofuna ganyu amene njala ankaidziwa bwino.

Za zibwenzi, yankho ndi lalifupi: ndalama. Mu Sepitembala 1919 Lubitsch anatulutsa Madame DuBarry, ya Pola Negri ndi Jannings, yomwe inafotokoza kugwa kwa ufumu wa France kudzera m'nkhani ya chikondi ndi nsanje. Inakaonetsedwa ku New York kumapeto kwa 1920 pa dzina loti Passion ndipo inapanga ndalama zambiri, pa nthawi yomwe katundu wa ku Germany ankanyansidwa naye kunja. Anna Boleyn inatsatira. Ndalama ya Germany inali ikugwa mphamvu, kotero kujambula ku Berlin kunali kotchipa, ndipo kugulitsa ku America kunkabweretsa madola. Aliyense ankafuna DuBarry wakewake. N'chifukwa chake Lucile, amene m'moyo weniweni anali mkazi wokondedwa wa Camille Desmoulins, ukwati wawo wa mu 1790 Robespierre ali mboni, mufilimu akukokedwera m'nkhani ya mtima wa Danton. N'chifukwa chake muli mtsikana wa m'misewu dzina lake Babette amene mwa Büchner mulibe. Amene anasewera Babette ndi Hilde Wörner, mwini kampani yomwe inapanga filimuyi, ndiye musadabwe kuti kamera ikumupatsa nthawi. Ku America anaitcha All for a Woman, osatchula n'komwe dzina la Danton. Siegfried Kracauer, m'buku lake la mu 1947 lonena za mafilimu a ku Germany, anadzudzula mafilimu a mbiri a nthawiyi pa chifukwa chomwechi, kuti amasandutsa nkhani za dziko kukhala nkhani za kuchipinda. Ndikugwirizana naye pang'ono. Kumbukirani kuti Büchner nayenso sanali woyera pa mbiri. Julie, mkazi wa Danton amene amamwa poizoni m'sewero, ndi wopeka. Mkazi weniweni, Louise Gély, anakwatiwanso ndipo anakhala moyo mpaka 1856.

Funso loti kodi sankamulemekeza mlembi wawo ndi lokoma, chifukwa Ajeremani eniake anakangana pa nkhaniyi kwa zaka. Mu 1912 mabungwe a alembi ndi eni mabwalo a zisudzo analetsa anthu awo kugwira ntchito m'mafilimu, ponena kuti kanema ndi chisangalalo cha pamsika chomwe chikuwalanda oonerera. Chiletsocho sichinakhalitse. Mu 1913 Albert Bassermann, wosewera wolemekezeka kwambiri pa nthawiyo, anaoneka mu Der Andere, ndipo Wegener mu Der Student von Prag. Makampani anazindikira kuti dzina la mlembi wamkulu limakoka anthu ophunzira amene kale ankachita manyazi kulowa m'nyumba ya kanema. Nkhondo itatha, masewero akale anakhamukira pa kanema: Paul Leni anajambula sewero la Schiller la chiwembu cha Fiesco ku Genoa mu 1921, Buchowetzki anabwereza Jannings ndi Krauss mu Othello mu 1922, Wilhelm Tell inatuluka mu 1923, Richard Oswald anapanga ya Carlos ndi Elisabeth mu 1924. Pafupifupi onsewa ankatenga sewero ngati poyambira chabe, n'kumabwerera ku nthano kapena mbiri yomwe mlembi anatengako. Ngati Danton yakudabwitsani, dikirani muone Hamlet ya Asta Nielsen ya mu 1921, momwe Hamlet ndi mkazi woleredwa ngati mwamuna, maganizo otengedwa m'buku la Edward Vining la mu 1881. Ulemu wa mtundu womwe inu mukufuna, wosunga mawu a mlembi, iwo ankati malo ake ndi pa siteji.

Tsopano za kope lanu, pomwe pali zinthu zomwe mungakonze lero lomwe. Kuthamanga kuja si kwa osewera. Makamera a nthawiyo ankapukusidwa ndi dzanja, kawirikawiri zithunzi 16 mpaka 20 pa sekondi. Mafilimu a mawu atabwera, liwiro linakhazikika pa 24. Filimu yojambulidwa pa 18 mukaiyendetsa pa 24, aliyense amafulumira ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo munthu wopita kukadulidwa mutu amaoneka ngati akuthamangira minibasi. Pa YouTube kapena pa VLC tsitsani liwiro kufika pa 0.75, muone ngati anthu ayamba kuyenda ngati anthu. Akayamba kuyandama, kwezani pang'ono. Maso ndi milomo yakuda bii ija imachokera ku mtundu wa filimu yomwe ankajambulira, yomwe sinkaona bwino zofiira, n'kuzisandutsa zakuda. Onjezani kuti makope ambiri a pa intaneti anakoperedwa kuchokera ku makope ena kangapo, mpaka nkhope zinatsala zoyera mbuu ndi madontho awiri akuda. Kusuntha pang'ono kwa nsidze kapena mlomo, komwe Krauss ankakudziwa kwambiri, kumafufutika, n'kutsala zazikuluzikulu zokha. Kutong'ola kwina n'kwenikweni, sindikana, chifukwa awa anali anthu ozolowera kufikira munthu wokhala kumbuyo kwa holo. Koma kope loipa limakukulitsa.

Mafilimuwa sanali akuda ndi oyera okha, ndipo sankaonetsedwa kuli zii. Makope ankanyikidwa mu utoto, wabuluu pa usiku, wachikasu m'nyumba, wofiira pa moto. Nyumba zazikulu monga Ufa-Palast am Zoo zinali ndi gulu lonse la oimba, zazing'ono zinali ndi piyano. Oika mafilimu pa intaneti ambiri amangomata nyimbo iliyonse yomwe apeza, ndiye mupeza kanyimbo kansangala pa nthawi ya chiweruzo. Zimitsani. Chinanso, makope otumizidwa kunja ankadulidwa ndipo makadi ankalembedwanso kuti agwirizane ndi msika. Ngati makadi a kope lanu ali m'Chingerezi, n'kutheka kwambiri kuti mukuonera zomwe ogulitsa a kunja anakonza, osati zomwe anthu a ku Berlin anaona. Onetsetsaninso kuti simunasokoneze ndi ma Danton ena awiri: ya mawu ya mu 1931 ya Hans Behrendt, ya Fritz Kortner ndi Gustaf Gründgens, ndi ya Andrzej Wajda ya mu 1983 ya Gérard Depardieu, yomwe inachokera pa sewero lina, la Stanisława Przybyszewska wa ku Poland.

Kaonetsedwe kake, ine ndikanachita chonchi. Musayambe ndi filimu. Yambani ndi nkhani ya masiku 13 aja, mwachidule, pa bolodi: ndani anali mnzake wa ndani, ndipo bwalo lomwe linaweruza Danton ndi lomwe iye mwini analimbikitsa kuti likhazikitsidwe mu Malichi 1793. Muwauzenso kuti Lucile anaphedwa patangotha masiku asanu ndi atatu, ndipo Robespierre anatsatira pa 28 Julayi chaka chomwecho. Kenako awerenge mokweza mbali ziwiri za Büchner, ya kukumana kwa Danton ndi Robespierre ndi ya mlandu, pomwe Danton amauza anthu kuti akufuna buledi koma akuponyeredwa mitu. Akatero, aonere mbali zomwezo mufilimu, nyimbo itazimitsidwa. Afunseni kuti mawu aja apita kuti, ali m'dzanja liti, m'phewa liti, pa nkhope ya ndani m'khamumo. Pomaliza agawike magulu asewere mlanduwo kawiri, kamodzi ndi mawu, kamodzi popanda. Kalabu iliyonse yomwe ndinaionapo imavutika ndi khamu: ana khumi ataima mzere kumbuyo, manja m'thumba, kudikira nthawi yawo yokuwa. Mphindi khumi za bwalo la Buchowetzki zimawaphunzitsa kuti khamu nalo ndi wosewera, limapuma, limakayika, limatembenuka.

Pa nkhani ya makadi a chinenero chomwe ana sachimva, muli ndi njira yomwe Ajeremani eniake ankagwiritsa ntchito nkhondo yoyamba isanayambe. M'nyumba zambiri za kanema munkakhala munthu woima pambali pa chinsalu, wofotokoza nkhani ndi kulankhulira osewera, monga momwe anyamata omasulira mafilimu m'mavidiyo a m'matauni mwathu amachitira. Sankhani ana awiri olankhula bwino, aonere pasadakhale, akonze mawu awo m'Chichewa. Chenjezo langa n'lakuti wofotokoza akangozindikira kuti anzake akuseka, amasandutsa zonse nthabwala, ndipo filimu yomwe ikuoneka kale yachilendo siingadziteteze. Muwalole aseke mphindi zoyambirira, n'zachibadwa, koma wofotokozayo akhale ndi pepala lomwe mwaliona.

Pali zina zoti musamale nazo. Musalole kuti mwana atenge za mufilimu n'kukazilemba pa mayeso a mbiri, makamaka za Lucile ndi za chakudya chija. Akazi mufilimuyi ali ngati mphoto zolandirana pakati pa amuna, ndipo ndi bwino kuti inuyo muyambitse nkhani imeneyo atsikana asanaimeze chamumtima. Fanizirani ndi Marion, Julie ndi Lucile a Büchner, amene ali ndi mawu awoawo ndipo Lucile ndiye amatseka sewero lonse. Mwana wachidwi akakafufuza mayina a osewerawa apezanso zowawa. Jannings, amene analandira Oscar yoyamba ya wosewera wamwamuna mu 1929, anabwerera kwawo n'kukhala wokondedwa wa boma la Hitler. Krauss anasewera mu Jud Süß ya mu 1940, filimu yofalitsa chidani pa Ayuda. Musabise. Muwauze nokha, kuti adziwe kuti akuphunzira luso la anthuwa, osati khalidwe lawo.

Ngati zonse zikuthera m'kalasi, zomwe ndanenazi zikukwanirani. Koma mukafuna kuionetsa poyera, makamaka ngati pali cholowa pakhomo, yambani mwafunsa a COSOMA, bungwe loteteza ufulu wa eni zaluso. Filimu itha kukhala yakale kwambiri, koma kope lokonzedwanso ndi nyimbo zomwe zaikidwapo zimakhala ndi eni ake. Ngati inu kapena wophunzira wanu akufuna kulemba kafukufuku, musadalire kope la pa intaneti lomwe simukudziwa komwe linachokera. Yambirani pa filmportal.de kuti mutsimikize mayina ndi zaka, kenako lemberani malo osungira mafilimu akale monga Bundesarchiv kapena Deutsche Kinemathek ku Berlin, kapenanso Friedrich-Wilhelm-Murnau-Stiftung ku Wiesbaden. Kuyambira mu 1920 filimu iliyonse ku Germany inkadutsa ku bungwe lounika mafilimu, ndipo makadi a bungwelo ankalemba kutalika kwa filimu ndi mawu onse oonekera pa chinsalu. Pomwe makadi oterewa anapulumuka, ndiwo amathandiza okonza mafilimu akale kudziwa chomwe chinadulidwa. Goethe-Institut ya ku Johannesburg, bungwe la chikhalidwe cha Germany, nayo ingakulozereni kwa anthu oyenera.

Ndipo ngati mutaona kuti kope lanu la Danton ndi loipa moti nkhope sizikuoneka, musalimbane nalo. Pa phunziro la thupi ndi nkhope, tengani Hamlet ya Asta Nielsen, yomwe kope lake la mitundu linakonzedwanso n'kuonetsedwa ku Berlin mu 2007, kapena Othello ya Buchowetzki, popeza ana anu Shakespeare amamudziwa kale ndipo atha kuona okha chomwe chasinthidwa. Ya Danton musunge mbali ya mlandu yokha. Mukandilemberanso, mundiuze kutalika kwa kope lanu ndi chinenero cha makadi ake, kuti tione ngati ndi la ku Germany kapena lotumizidwa kunja.